Mabolodi a kompyuta zazing'ono za padesiki: chimene chimasintha malo akachepa

Mukatsegula bokosi la kompyuta ya padesiki, chinthu chachikulu chimene mumachipeza chitamangidwa ndi masikuluwu m'katimo ndi motherboard, bolodi limene purosesa, RAM, khadi la zithunzi, zosungiramo mafayilo ndi zingwe za magetsi zimakumanapo. Ambiri amene amafuna kompyuta yosadya malo patebulo amaopa kuti bolodi likachepa ndiye kuti liwiro nalonso lachepa. Mantha amenewa anali omveka kale, koma masiku ano soketi (malo olowetsamo purosesa) ndi purosesa zimene zili pa bolodi lalikulu zimapezekanso pa bolodi la masentimita 17 mbali zonse, ndipo zimathamanga chimodzimodzi. Chimene chimachepa ndi malo, ndipo malo akachepa opanga amakakamizika kusankha chochotsa, chopanikiza ndi chosamutsira kwina. N'chifukwa chake poyerekeza mabolodi ang'onoang'ono, kudziwa pamene chinthu chilichonse chaikidwa n'kofunika kuposa kuwerenga mndandanda wa zinthu zolembedwa pa katoni.

Miyeso imene ikugwira ntchito lero inayambira pa ATX, imene kampani ya Intel inakhazikitsa mu 1995. Bolodi la ATX ndi la mamilimita 305 m'litali ndi 244 m'lifupi, ndipo limatha kukhala ndi mipata 7 yolowetsamo makhadi owonjezera. Mu 1997 kunabwera microATX, ya mamilimita 244 mbali zonse, imene kwenikweni ndi ATX yodulidwa kumunsi n'kutsala ndi mipata yosapitirira 4. Mini-ITX inachokera kwina. Inakonzedwa mu 2001 ndi VIA Technologies ya ku Taiwan, ndi ya mamilimita 170 mbali zonse, ndipo mabolodi ake oyambirira otchedwa EPIA anali ndi purosesa yomatiriridwa pa bolodi pomwepo, yosadya magetsi ambiri komanso yopanda mphamvu zochitira ntchito zolemera. Tikawerengetsa malo a pamwamba pake, ATX ili ndi masikweya sentimita pafupifupi 744, microATX 595, pamene Mini-ITX ili ndi 289 okha, kutanthauza kuti siifika ngakhale theka la microATX.

VIA inachita mwanzeru poika mabowo anayi a masikuluwu a Mini-ITX pamalo ofanana ndi ena mwa mabowo a ATX, ndiponso posunga chitsulo chakumbuyo cha mapoti monga chinalili, moti bolodi la Mini-ITX limalowa bwinobwino m'bokosi la microATX kapena la ATX. Komatu nzeru yomweyi ndiyo gwero la kuthinana konse, chifukwa bolodi linachepa pamene zokhala pa bolodilo sizinachepe. Chigawo cha mapoti akumbuyo ndi chachitali mamilimita pafupifupi 159, ndipo chimatenga mbali imodzi yonse ya mamilimita 170 aja. Kakhadi ka RAM ya padesiki ndi kakatali mamilimita pafupifupi 133, kaya kali pa bolodi lalikulu kapena laling'ono. Pulagi ya magetsi ya mapini 24 ndi yomweyo, ya mapini 8 yopatsa purosesa magetsi ndi yomweyo, ndipo kuzungulira soketi pali malo amene Intel ndi AMD amalamula kuti pasakhale chinthu chachitali, kuti choziziritsira purosesa chikhale bwino. Zimenezi zikaikidwa, malo otsala oti wopanga aonetserepo luso lake ndi ochepa zedi.

Mukanyamula bolodi la Mini-ITX mapoti akumbuyo ali kumanzere kwanu, nthawi zambiri mudzaona pulagi ya mapini 8 pakona yakumtunda kumanzere, soketi chapakati, mipata iwiri ya RAM itaima kumanja kwa soketiyo, pulagi ya mapini 24 ili m'mphepete penipeni kumanja, ndipo mpata umodzi wa PCIe, wolowetsamo makhadi owonjezera monga la zithunzi, utagona m'mphepete mwa kumunsi. Pakati pa soketi ndi mpata wa PCIe pamakhala kamzere kopapatiza pamene opanga amaunjikapo chipset (kachigawo kolumikiza purosesa ndi mapoti ndi zipangizo zina), chosungiramo mafayilo chotchedwa SSD ya M.2 pamwamba pake, ndi chitsulo choziziritsa pamwamba pa zonsezo. Kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kamasunga nthawi ndi zosankhidwa za mu BIOS (pulogalamu ya pa bolodi imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikayatsidwa), kamene pa bolodi lalikulu kamakhala m'kachisa kake poonekera, pa mabolodi ambiri a Mini-ITX kamakutidwa ndi pulasitiki, kamalumikizidwa ndi timawaya tiwiri, n'kumatidwa kuseri kwa mapoti akumbuyo. Kakatha mphamvu patapita zaka, kukasintha kumafuna kumasula chophimba cha mapotiwo ndi kupeza kabatire kokhala ndi waya wotero. Ndi kanthu kakang'ono, koma kakuonetsa mmene ntchito ya mphindi imodzi imasandukira ntchito ya madzulo onse bolodi likathinana.

Nkhani ya RAM ndiyo imene anthu ambiri amaimva molakwika. Mapurosesa wamba a padesiki a Intel ndi AMD amalankhulana ndi RAM kudzera m'njira ziwiri, ndipo mipata iwiri ya pa Mini-ITX imadzaza njira zonse ziwirizo. Mipata inayi ya pa microATX siwonjezera njira, imangoika timakhadi tiwiri pa njira iliyonse. Ndiye pa liwiro bolodi laling'ono silitaya kanthu, ndipo kawirikawiri limapambana, popeza tinjira ta mkuwa tochoka pa soketi kukafika pa RAM ndi tatifupi ndipo tilibe mpata wopanda kanthu wosokoneza uthenga. Pa RAM ya mtundu wa DDR5 kusiyanaku n'koonekeratu: AMD imalonjeza liwiro la DDR5-5200 pa mapurosesa a Ryzen 7000 pakakhala timakhadi tiwiri, koma DDR5-3600 yokha pakakhala tinayi. Chimene mwini Mini-ITX amataya ndi mwayi wowonjezera pang'onopang'ono. Wa microATX angagule timakhadi tiwiri chaka chino n'kudzawonjezera tina tiwiri ndalama zikapezeka, pamene wa Mini-ITX akafuna RAM yambiri ayenera kuzula timene ali nato n'kugula tatikulu. Tisaiwale kuti mabolodi ambiri otchipa a microATX, makamaka a chipset ya H610 kapena A520, nawonso ali ndi mipata iwiri yokha ndipo ndi opapatiza kuposa mamilimita 244, choncho dzina lakuti microATX palokha sililonjeza mipata inayi.

Kampani ya ASRock inaonetsa bwino lomwe mavuto a malowa pamene inayesa kuika mapurosesa akuluakulu a njira zinayi za RAM pa Mini-ITX. Pa bolodi lake la X99E-ITX/ac la mu 2015 panakwana mipata iwiri yokha, moti njira ziwiri za purosesayo zinangokhala osagwira ntchito. Pa X299E-ITX/ac ya mu 2017 anabwezeretsa njira zonse zinayi pogwiritsa ntchito timakhadi tatifupi ta SO-DIMM ta m'malaputopu, ndipo zinthu zina anazisamutsira pa timabolodi toimirira.

Kumene Mini-ITX imatayadi kanthu ndi pa mipata ya PCIe. Ili ndi umodzi wokha, wa x16, kutanthauza wa tinjira 16 todutsamo uthenga, ndipo khadi la zithunzi likalowamo nkhani yatha. Amene akufuna khadi lojambulira vidiyo yochokera ku kamera, khadi la netiweki yothamanga kwambiri, kapena khadi lowonjezera madisiki, ayenera kudalira USB kapena kusiya khadi la zithunzilo. Mabolodi ena amalola kugawa mpata umodziwo pawiri kudzera mu BIOS, x8 ndi x8, koma pamafunika chingwe chapadera ndi bokosi lolola zimenezo, ndipo si njira imene ndingalimbikitse munthu wongoyamba kumene. Komabe mipata inayi ya microATX nayo ndi ya papepala. Kuchoka pa mpata umodzi kufika pa unzake pali mamilimita 20.32, ndipo makhadi a zithunzi amphamvu a masiku ano ndi onenepa moti amaphimba malo a mipata iwiri ndi theka kapena itatu. Wotsala umakhala umodzi wakumunsi kwenikweni, ndipo khadi loikidwa pamenepo limatsekereza mpweya wopita ku mafani a khadi la zithunzi. Kuwonjezera apo, mpata wakumunsiwo ungaoneke wautali ngati wa x16 chonsecho m'kati mwake muli mapini a x4 okha, ndipo umadutsa mu chipset m'malo mopita ku purosesa mwachindunji. Mukasuzumira m'mpatamo pa kuwala mudzaona pamene mapini achitsulo athera, pulasitiki ikupitirirabe yopanda kanthu.

Pali vuto lina la PCIe limene limapezeka m'mabokosi aang'ono kwambiri okha. Mabokosi monga DAN A4-SFX, la malita pafupifupi 7, amaika bolodi mbali imodzi ndi khadi la zithunzi kuseri kwake, ndipo ziwirizi zimalumikizidwa ndi chingwe chophwatalala chotchedwa riser. Chingwecho chikakhala cha PCIe 3.0 pamene bolodi ndi khadi ndi za PCIe 4.0, kompyuta ikhoza kuyaka koma sikirini n'kukhala yakuda, kufikira mwini atalowa mu BIOS mwa njira ina n'kutsitsa liwiro la mpatawo kuti ligwirizane ndi chingwe. Ambiri amaganiza kuti khadi lawo lafa pamene vuto ndi chingwe chabe.

Zosungiramo mafayilo zathandiza mabolodi ang'onoang'ono kuposa china chilichonse, chifukwa SSD ya M.2 ya mtundu wa 2280, ya mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, imagona pa bolodi popanda chingwe. Mabolodi ambiri a Mini-ITX ali ndi malo awiri a M.2, ndipo apa m'pofunika kufunsa kuti achiwiriwo ali kuti. Kawirikawiri amakhala kuseri kwa bolodi, kumene kulibe chitsulo choziziritsa, mpweya sudutsako, ndipo SSD imayang'anizana ndi chitsulo cha bokosi. SSD ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isawonongeke, choncho malo akuseriwo ndi oyenera yosungira zinthu zosatsegulidwa kawirikawiri, pamene yonyamula Windows kapena Linux iyenera kukhala kutsogolo. Ngati bokosi lilibe bowo kuseri kwa bolodi, kusintha SSD imeneyo kumafuna kumasula kompyuta yonse. Mapoti a SATA olumikizira madisiki akale nawonso akuchepa: Mini-ITX inkakhala ndi anayi, koma mabolodi angapo atsopano ali ndi awiri okha, pamene microATX nthawi zambiri imakhala ndi anayi ndi malo okwanira a M.2 onse kutsogolo.

Chigawo chimene sichikambidwa mokwanira ndi cha magetsi a purosesa, chotchedwa VRM. Ntchito yake ndi kutsitsa mavoti 12 ochokera ku power supply, kabokosi kopereka magetsi ku zigawo zonse za kompyuta, kufika pa voti imodzi ndi pang'ono imene purosesa imafuna, ndipo pochita zimenezi chimatentha. Pa bolodi lalikulu zigawo zake zimayalidwa kumtunda ndi kumanzere kwa soketi pansi pa zitsulo zazikulu zoziziritsa. Pa Mini-ITX opanga amaika zigawo zochepa koma zonyamula magetsi ambiri chilichonse, amatalikitsa zitsulo zoziziritsa chokwera m'mwamba, ndipo ena amabisa kafani kakang'ono pansi pa chophimba cha mapoti. Kafani kotero kamathandiza, koma kamalira mosongoka kakathamanga ndipo ndi chinthu chimodzi chowonjezera chimene fumbi lingaphe, nkhani imene aliyense wogwiritsa ntchito kompyuta m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala kuno kwathu ayenera kuiganizira. Vuto lalikulu n'lakuti zitsulo zazitalizo zimazinga soketi mbali zitatu, RAM n'kutseka yachinayi, ndipo choziziritsira purosesa chachifupi chimene bokosi laling'ono limafuna chimakanika kukhala pansi kapena chimasowa kotulutsira mpweya wotentha. Choziziritsira cha Noctua NH-L9i, chotalika mamilimita 37 ndi chotambalala mamilimita 95 mbali zonse, chinakonzedwa dala kuti chisatuluke m'malo osungidwa ozungulira soketi, n'chifukwa chake chimakwana pafupifupi paliponse. Zoziziritsira zotambalala kuposa pamenepo zimadalira kuti soketi yaikidwa chakumtunda kapena chakumunsi, kuti timakhadi ta RAM ndi tatitali bwanji, ndiponso ngati kuseri kwa bolodi kuli tizigawo togundana ndi chitsulo chomangira. Mabolodi awiri a chipset imodzi, a mtengo wofanana, angasiyane pa mamilimita ochepa okha a malo a soketi, ndipo mamilimita amenewo ndiwo amagamula ngati choziziritsira chanu chilowe kapena ayi.

Malo a pansi akatha, opanga amachita zimene amachita womanga pa puloti yaing'ono m'tauni, amasanja. ASUS ndiyo yapita patali ndi njira imeneyi. Chipset ya AMD ya X670E ndi ya tizigawo tiwiri, ndipo pa ROG Strix X670E-I ya mu 2022 malo anathina kwambiri moti mapoti a SATA ndi mapini ena olumikizira zingwe za kutsogolo kwa bokosi anaikidwa pa kakhadi kozula, malo awiri a M.2 anasanjikizidwa, ndipo zonse za mawu zinatulutsidwa kunja kwa kompyuta n'kuikidwa m'kabokosi kotchedwa ROG Strix Hive kolumikizidwa ndi USB. Luso lake n'losiririka, koma kwa ine bolodi limene mbali yake ina ili patebulo lataya china mwa chifukwa chimene munthu anafunira kompyuta yaing'ono, ndipo kabokosiko kakatayika kapena kuwonongeka, kupeza kena si kophweka.

Mapini ang'onoang'ono olumikizira zingwe ndi osavuta kuwaiwala pogula. Mini-ITX kawirikawiri imakhala ndi malo atatu a mafani, pamene microATX yabwino imakhala ndi ochulukirapo. Mabowo a mawu kumbuyo amakhala atatu m'malo mwa asanu kapena asanu ndi limodzi. Kumbali ina, pafupifupi Mini-ITX iliyonse yatsopano imabwera ndi Wi-Fi ndi Bluetooth, popeza opanga akudziwa kuti palibe mpata woikamo khadi lake pambuyo pake, pamene microATX zotchipa zambiri zilibe. Chingwe cha USB 3 cha kutsogolo kwa bokosi n'chonenepa ndi chouma, ndipo pulagi yake ikaikidwa pakati pa RAM ndi khadi la zithunzi, kuchipinda kumafuna kusamala kuti mapini ake opyapyala asapindike.

Mtengo umadabwitsa ambiri, chifukwa bolodi laling'ono limadula kuposa lalikulu la chipset yomweyo. Chifukwa chimodzi n'chakuti tinjira tonse ta mkuwa tiyenera kudutsa m'malo ochepa, ndipo zimenezi zimafuna bolodi la magawo ambiri osanjikizana m'kati mwake, limene kupanga kwake n'kodula. China n'chakuti ogula ake ndi ochepa. Ndalama sizithera pa bolodi pokha: mabokosi ambiri aang'ono amafuna power supply ya mtundu wa SFX, ya mamilimita 125 m'lifupi, 63.5 kutalika ndi 100 m'litali, imene imadula kuposa ya ATX ya mphamvu yofanana ndipo siipezeka m'sitolo iliyonse.

Pakati pa Mini-ITX ndi microATX pali Mini-DTX, yochokera pa muyeso wa DTX umene AMD inalengeza mu 2007. Ndi ya mamilimita 203 m'litali ndi 170 m'lifupi, ndiye kuti Mini-ITX yowonjezeredwa malo a mpata wachiwiri kumunsi. Popeza mabokosi ambiri a Mini-ITX amasiya kale malo a khadi la zithunzi lonenepa mipata iwiri, bolodi lotere limalowa m'mabokosi angapo otero, ngakhale si onse. Silinafale, ndipo chitsanzo chodziwika ndi ASUS ROG Crosshair VIII Impact ya mu 2019, imene malo owonjezerawo inawagwiritsa ntchito pa zinthu zina m'malo moika mpata wachiwiri wa PCIe.

Kutsika pansi pa Mini-ITX malamulo amasinthiratu. Thin Mini-ITX ndi yofanana kukula kwake koma ndi yaifupi msinkhu, chitsulo chake chakumbuyo ndi cha mamilimita 25, imagwiritsa ntchito SO-DIMM yogona chafufumimba, ndipo inakonzedwera makompyuta okhala m'kati mwa sikirini. Mini-STX, imene Intel inaionetsa mu 2015 ndi dzina lakuti 5x5, ndi ya mamilimita 147 ndi 140. Ili ndi soketi yoti purosesa n'kusinthidwa koma ilibe mpata wa khadi la zithunzi, ndipo imadziwika kwambiri kudzera mu kompyuta yaing'ono ya ASRock yotchedwa DeskMini. Bolodi la makompyuta ang'onoang'ono otchedwa NUC, la mainchesi 4 mbali zonse, lili ndi purosesa ya laputopu yomatiriridwa. Intel inasiya kupanga NUC mu 2023 ndipo ASUS ndiyo inapitiriza. Makina ambiri a mitundu itatuyi salandira pulagi ya mapini 24, amadya magetsi a mavoti 19 ochokera pa chaja chakunja chonga cha laputopu. Kwa ofesi kapena sukulu yodalira sola ndi mabatire zimenezi n'zaphindu lenileni, popeza makinawa amadya mawati ochepa ndipo amakhalitsa pa batire magetsi akazima.

Pa zonsezi maganizo anga ndi akuti munthu amene alibe chifukwa chenicheni chochepetsera bokosi asankhe microATX ya mipata inayi ya RAM, chifukwa ndi yotchipa, imalandira power supply ndi choziziritsira chopezeka paliponse, ndipo ikadzafuna kukonzedwa wokonza aliyense adzatha kulowetsamo dzanja. Mini-ITX ndi yoyenera amene akunyamula kompyuta kawirikawiri kapena amene tebulo lake ndi lothinadi, ndipo iyeyo ayambe posankha bokosi, adziwe kutalika kwa choziziritsira ndi kwa khadi la zithunzi kumene bokosilo limalola, kenaka atsegule buku la malangizo la bolodi limene akulifuna, limene opanga amaika pa intaneti kwaulere, n'kuyang'ana chithunzi cha kayalidwe kake asanapereke ndalama. Kuika Mini-ITX m'bokosi lalikulu la ATX n'kotheka, koma kumeneko n'kulipira mtengo wa kuchepa popanda kulandira phindu lake.

Pali gulu lina limene ambiri m'Malawi ndi m'maiko oyandikana nawo amakumana nalo kuposa onsewa, la makompyuta aang'ono a m'maofesi ogulidwa atagwirapo kale ntchito kunja, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre. Ndi makina olimba ndi otchipa, koma mabolodi a ambiri mwa iwo satsatira muyeso uliwonse mwa imene tafotokozayi, ngakhale kukula kwake kuoneke ngati kwa microATX. Mabowo a masikuluwu angakhale pena, mapoti a kutsogolo amamatiriridwa pa bolodi lenilenilo, ndipo pulagi ya magetsi imakhala ya mapini 6 kapena 8 pa Dell zambiri, 10 kapena 14 pa Lenovo zina, m'malo mwa 24. Mabokosi ake opyapyala amalandira makhadi aafupi okha, ndipo power supply yake ndi ya mawati ochepa, choncho khadi la zithunzi loyenera ndi lokhalo lokhutira ndi mawati 75 kapena kucheperapo amene mpata wa PCIe umapereka. RAM ndi SSD mungawonjezere popanda vuto, koma bolodi kapena power supply ikafa, cholowa m'malo chiyenera kuchokera ku makina a kampani yomweyo ndi a mtundu womwewo, ndipo n'chanzeru kufunsa wogulitsa ngati ali ndi zotsalira za mtunduwo musanagule makina ambiri a ofesi yonse.